Tikiti imodzi ingadzutse Chipoka

Amene mudafikako ku Paris mukuidziwa Paris Museum Pass. Munthu amalipira kamodzi, ya masiku 2, 4 kapena 6, n'kumalowa nayo m'malo osungirako mbiri oposa 50, kuphatikizapo Louvre ndi nyumba ya mafumu ku Versailles. Komatu osangothamangira kugula poti anzanu agula. Nthawi yake imayamba kuwerengedwa mukangolowa pakhomo loyamba, ndipo siima ngakhale mutagona ndi chimfine kuhotela. Louvre satsegula Lachiwiri, ndipo nsanja ya Eiffel mulibemo m'tikitiyo. Ngati mwapitira geni ndipo muli ndi masana amodzi okha, lipirani pakhomo basi.

Koma ife a nyuzi ino funso lathu ndi lina: nanga kwathu kuno zikukanika pati?

Tatiyeni ku Chipoka, kumene njanji imakumana ndi nyanja, doko lomwe kwa zaka zambiri inkakocheza sitima ya Ilala, ija idayamba kuyenda mu 1951. Mukatsata msewu wa M5 chakumwera mufika ku Mua, mishoni ya 1902, kumene Bambo Claude Boucher adakhazikitsa Kungoni mu 1976. M'nyumba ya Chamare kumeneko muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pa Golomoti msewu wagawikana. Wina ukwera phiri kupita ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala a ku Chongoni amene UNESCO idawazindikira mu 2006. Wina upita ku Cape Maclear, ku paki ya m'nyanja imene idazindikiridwa kale mu 1984.

Mwana wasukulu amaloweza maina onsewa chifukwa cha mayeso, koma phazi lake silidapondeko. Mlendo naye amangodutsa pa Chipoka galimoto ili pa liwiro, osagulako ngakhale nsomba imodzi.

Tikudziwa kuti eni ake ndi osiyana: kwina ndi mpingo, kwina nthambi ya boma yosunga mbiri, kwina a zachilengedwe. Ndiye akhale pansi, agwirizane za tikiti imodzi ya masiku atatu, igulitsidwe pa Chipoka ndi pa Salima, ndipo ophunzira achotseredwe mtengo. Wogula tikiti yotere adzagona panjira, adzadya panjira, ndipo ndalamayo idzagwa m'manja mwa amayi a nsomba ndi anyamata a kabaza.

Chimodzi chokha, abale: gawo la malo aliwonse lilembedwe poyera, mafumu a ku Chongoni aliwone. Isakathere ku misonkhano ya m'mahotela ku Lilongwe.