Mphasa pa simenti si chitetezo

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzaima tsiku lina pamaso pa ana a mkombaphala, a zaka 3 mpaka 5, nthawi ya masewera olimbitsa thupi. Ana amakonda kudumpha ndi kugudubuzika, ndipo zimenezi zimawalimbitsadi. Komatu matupi awo sanakhwime.

Mutu wa mwana wamsinkhu umenewu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, pomwe minofu ya m'khosi ikadali yofooka. N'chifukwa chake ife tikuti kuimiritsa ana ndi mutu, miyendo m'mwamba, kulekeke. Pogudubuzika, mwana atsamize manja pansi, chibwano chigunde pachifuwa, ndipo mphunzitsi agwade pambali n'kumugwira m'chiuno kuti thupi lisalemere pakhosi. Tisamunyamule pomukoka dzanja, chifukwa chigongono cha mwana sichichedwa kuguluka. Mwana amene ali ndi Down syndrome ayambe waonedwa ndi dokotala, poti ena mwa iwo mafupa a m'khosi sagwirana bwino.

Malonso ndi nkhani. Mphasa yoyalidwa pa simenti siteteza mutu, pamafunika matiresi. Ana avule masokosi chifukwa amaterera, ndipo azibwera mmodzimmodzi.

Ena anena kuti tonsefe tinakula tikugudubuzika popanda zonsezi. Zoona, koma tinkachitira pamchenga, ndipo palibe amene ankatikakamiza. Mwana akachita mantha, tisamuumirize kuti anzake aombe m'manja. Makolo amatisiyira mwana m'mawa akuyenda yekha. Masana timubweze akuyendanso yekha.