Durian, chipatso chimene ena amachithawa pamene ena akuchilimbirana

Mu Epulo 2018, anthu pafupifupi 500 anatulutsidwa mwachangu m'laibulale ya yunivesite ya RMIT mumzinda wa Melbourne ku Australia chifukwa cha fungo limene aliyense ankaganiza kuti ndi gasi. Ozimitsa moto anafufuza nyumba yonse, ndipo chimene anapeza chinali chipatso cha durian chitawolera m'kabati. Mu Novembala chaka chomwecho, ku Bengkulu m'dziko la Indonesia, ndege inachedwa kunyamuka chifukwa okwera anakana kuyenda limodzi ndi matumba a durian amene anali mosungira katundu. Ku Singapore, pa sitima za mumzinda pali chikwangwani choletsa kusuta, kudya ndi kunyamula zinthu zoyaka msanga, ndipo pambali pake anajambulapo chipatso chamingachi n'kuchidula mzere wofiira.

Koma chipatso chomwechi anthu a ku Malaysia, Thailand ndi Indonesia amachitcha mfumu ya zipatso. Mu 2023 dziko la China lokha linagula kunja matani oposa 1.4 miliyoni a durian, a ndalama zoposa madola 6 biliyoni a ku America.

Kukula kwake durian amafanana ndi mpira wamiyendo, amalemera kilogalamu imodzi mpaka atatu, ndipo chikhokho chake n'chodzaza minga zolimba moti wogulitsa amavala magolovesi pochigwira. Amalowetsa mpeni kunsi kwake, n'kukanula motsatira mizere. Mkati muli zipinda zisanu, ndipo m'chipinda chilichonse mwagona mnofu wachikasu, wofewa, wokuta nthanga zikuluzikulu. Oukonda amamva kutsekemera kwa kirimu ndi mtedza wokazinga. Odana nawo amamva anyezi wowola ndi ngalande ya zonyansa. Onsewa sakunama. Mu 2017 asayansi a ku Singapore atafufuza chibadwa cha mtengowu anapeza kuti uli ndi mphamvu yochuluka yopangira mpweya wa salufa pamene chipatso chikupsa, ndipo salufa ndi yemwe amanunkhitsa anyezi, adyo ndi dzira lowola. M'nkhalango fungo limeneli ndilo limaitana njovu ndi anyani a orangutan kuti adye chipatso n'kumwaza nthanga.

Choncho munthu amene watseka mphuno sayenera kunyozedwa ngati wosadziwa zabwino. Cholakwika chimabwera pamene walawa kamodzi, kachidutswa kozizira ka m'sitolo ku London kapena ku Johannesburg, n'kugamula kuti mamiliyoni a anthu amadya chinthu chonyansa. Durian si mmodzi.

Umboni wake ndi mkangano umene ulipo pakati pa okonda chipatsochi eniake. Ku Thailand, makamaka m'chigawo cha Chanthaburi, alimi amathyola durian asanapsetse. Wogulitsa amagogoda chikhokho ndi kandodo n'kumvetsera kulira kwake kuti adziwe ngati mnofu wayamba kufewa. Mtundu wawo wotchuka, Monthong, uli ndi mnofu wochindikala, wotsekemera, wa fungo losaboola kwambiri. Ku Malaysia zimenezi amaziona ngati kudya chosapsa. Kumeneko amadikira kuti chipatso chigwe chokha, nthawi zambiri usiku, ndipo alimi ena amatchera maukonde pansi pa mitengo kapena kumangirira chipatso chilichonse ndi chingwe kuti chisaphulike pofika pansi. Chimene amafuna m'mitundu yawo monga Musang King kapena D24 ndi kakuwawa kamene kamatsalira pakhosi kutsekemera kukatha. Munthu wa ku Bangkok akalawa durian wa ku Penang ku Malaysia angathe kunena kuti wapsa mopitirira. Wa ku Penang akalawa wa ku Bangkok amati alibe kukoma. Ndiye pali anthu a ku Sumatra ku Indonesia amene amasasitsa mnofuwo ndi mchere n'kupanga tempoyak wophikira nsomba, pamene ku Thailand amaudyera limodzi ndi mpunga womata ndi mkaka wa kokonati.

Ngakhale alendo a ku Ulaya sanagwirizane. Katswiri wa zachilengedwe wa ku Britain, Alfred Russel Wallace, anadya durian ku Borneo m'zaka za m'ma 1850 n'kumutamanda koposa, pamene Mfalansa Henri Mouhot, amene anayenda ku Siam (Thailand wa masiku ano) m'nyengo yomweyo, ananyansidwa naye atangomulawa koyamba.

Zipatso zina za m'mayikowa sizidzetsa phokoso lotere. Mangosteen, wa chikhokho chofiirira ndi tizigawo toyera towawasa pang'ono, ndi wosavuta kumukonda, ndipo ambiri amamudya akangomaliza durian pokhulupirira kuti amaziziritsa thupi. Rambutan, wa tsitsi lake lofiira, amangotsekemera basi. Zonse zitatuzi zimalimidwanso ku Zanzibar.

Kusiyana kwa zokonda pa durian n'chuma, ndipo n'kumene msika ukukuphwanya. Pali mitundu ya mitengo ya durian pafupifupi 30, ndipo yosachepera 9 imabala zipatso zodyedwa, kuphatikizapo wa mnofu wofiira wa ku Borneo. Koma pa msika wa mayiko umapezeka mtundu umodzi wokha, Durio zibethinus, ndipo mwa mtundu umenewo mayina ochepa okha ndiwo ali ndi mtengo wokwera. Popeza ogula a ku China amafunsa Musang King ndi Monthong, mlimi amene ali ndi mitengo yakale ya m'mudzi, yomera kuchokera ku nthanga, iliyonse ndi kukoma kwakekwake, amaona kuti n'kwanzeru kuidula kapena kuilumikiza ndi nthambi za mtundu wogulitsika. Sitingamuimbe mlandu, ali ndi ana oti awalipirire sukulu. Ku Raub, m'chigawo cha Pahang ku Malaysia, mapiri adzaza Musang King ndipo mikangano ya malo ndi ya kudula nkhalango siikutha. Ku Vietnam, chilolezo chotumiza durian wosaumitsa ku China chitaperekedwa mu 2022, alimi ena anayamba kuzula khofi. Nkhalango zikachepa amachepanso mileme imene imanyamula mungu wa maluwa a durian usiku.

Amene anakulira pansi pa mitengo ya mango akuidziwa nkhani imeneyi. Mango a Tommy Atkins, ochokera ku Florida, anadzaza masitolo a ku Ulaya chifukwa ndi ofiira mokongola ndipo savunda msanga paulendo, osati chifukwa amaposa boloma kapena kalisere pa kukoma.

Njira ina ilipo, ndipo ikuoneka ku Balik Pulau pachilumba cha Penang. Minda ing'onoing'ono ya m'mapiri kumeneko imalandira alendo nyengo ya durian, cha mu Juni ndi Julaye. Mwini munda amaswa zipatso zimene zagwa m'mawa womwewo, ndipo kawirikawiri amayamba ndi zotsekemera zosavuta kudya, kenako n'kupita ku zowawirira. Pa tebulo limodzi wina amaima pa chipatso chachiwiri n'kupempha madzi, mnzake akunyambita zala n'kufunsa dzina la mtengo. Mlimi amene amapeza ndalama mwa njira imeneyi amakhala ndi chifukwa chosungira mitundu khumi m'munda mwake m'malo mwa umodzi, ndipo maboma amene amasainirana mapangano a malonda a durian ayenera kuthandiza minda yotereyi ndi khama lomwe amathandizira minda ikuluikulu yotumiza zipatso kunja.