Zikopa za Qurbani zisamathere m'dzenje, komanso zisaiphe nyanja

Chaka chilichonse Eid ul-Adha ikadutsa, nyama ya mbuzi ndi ng'ombe imagawidwa mpaka kutha, koma zikopa zambiri zimatsala kuseri kwa mizikiti, agalu n'kumalimbirana. Kuno ku Dwambazi, kumalire a Nkhotakota ndi Nkhata Bay, zina zimakwiriridwa, zina zimaponyedwa mumtsinje wa Dwambazi umene umakathira m'nyanja ya Malawi. Izi zikuchitika pamene dziko likulira kusowa kwa ndalama zakunja, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nsapato zambiri za ana athu asukulu n'zochokera kunja kapena pa kaunjika.

Malamulo a Chisilamu sakutisiya mumdima pankhaniyi. Mwini nsembe saloledwa kugulitsa chikopa kuti ndalamayo adye yekha, ngakhale kuchipereka kwa wosenda ngati malipiro ake. Akhoza kuchigwiritsa ntchito pakhomo, monga poswalirapo, kapena kuchipereka sadaka. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) anadabwa ataona anthu akutaya nkhosa yofa yokha osachotsako chikopa, ndipo anaphunzitsa kuti chikopa chimayera chikafufutidwa. Ngati cha nyama yofa yokha chinali ndi mtengo wotere, nanga cha nyama yozingidwa m'dzina la Allah?

Choncho amene akunena kuti Malawi akufunika mafakitale ofufuta zikopa akunena zoona. Pamene tikusiyana nawo m'pakafufutidwe. Zikopa zambiri padziko lapansi zimafufutidwa ndi mankhwala a chrome, chifukwa ntchito yake imatha m'masiku ochepa. Zisanafike apo zimaviikidwa mu laimu ndi mankhwala ena othothola ubweya, ndipo madzi otsalawo akatayidwa osayeretsedwa amapha nsomba ndi kudwalitsa anthu. Abale athu a ku Bangladesh, amene amasonkhanitsa zikopa zochuluka kwambiri pa nyengo ya Qurbani, anaziona izi. Mafakitale a ku Hazaribagh mumzinda wa Dhaka anaipitsa mtsinje wa Buriganga mpaka khoti linalamula kuti atsekedwe, ndipo mu 2017 anasamukira ku Savar. Kumenekonso madandaulo a kuipitsa madzi sanathe. Ife amene timamwa madzi a m'nyanjayi, kutengamo udhu ndi kudya usipa wake, sitingalandire fakitale yotere mwachimbulimbuli.

Njira ina ilipo, ndipo si yachilendo kwa Asilamu. M'nthawi ya Mtumiki anthu ankafufuta ndi madzi pamodzi ndi qaraz, zochokera ku mtengo wa m'banja limodzi ndi mthethe ndi nsangu. Lero makungwa a mtengo wa wattle, umene umalimidwa ku Njombe m'dziko la Tanzania, kum'mawa kwa Zimbabwe ndi ku South Africa, amagwira ntchito yomweyo. Njirayi imatenga masabata angapo, koma chikopa chake n'cholimba, choyenera malamba, zikwama ndi zidendene za nsapato. Apa tichenjezane: makungwawo azichokera ku mitengo yobzala dala. Tikayamba kusenda mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, tidzakhala titapulumutsa nyanja ku mankhwala n'kuidzaza ndi matope.

Komabe vuto lathu lalikulu lili pa mpeni. Chikopa chobooledwabooledwa posenda, kapena chosiyidwa padzuwa ndi magazi ake tsiku lonse, palibe fakitale imene ingachigule. Chimafunika kupalidwa mafuta, kuthiridwa mchere pasanathe maola ambiri, kapena kuyanikidwa chotambasula pamthunzi podutsa mphepo. Ngakhale madzi amchere otsikawo asalunjike kuchitsime kapena kudimba. Zimenezi komiti ya mzikiti uliwonse ingathe kuphunzitsa osenda ake sabata imodzi Eid isanafike, ndipo mabungwe monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi ali ndi nthambi zokwanira kusonkhanitsa zikopa zoperekedwa sadaka kuti phindu lake lithandize ana amasiye ndi osauka.

Ndipo akabwera wamalonda wofuna kumanga fakitale m'mbali mwa msewu wa M5, lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limafuna kuti kafukufuku achitike ntchito isanayambe. Pamsonkhano wotere mafumu ndi mashehe adzafunse kumene madzi akuda azikathera, ngati chrome azibwezedwanso m'ntchito, ndiponso amene aziyeza madziwo asanafike kunyanja.