Kalata yochokera ku Leicester: Yambani mwagogoda pakhomo la neba

Okondedwa abale kumudzi ndi anzanga nonse muli kunja kuno,

Lero ndati tikambirane za phokoso, chifukwa nkhaniyi inatsala pang'ono kundichotsetsa m'nyumba.

Pa 6 Julayi chaka chatha tinasonkhana kwanga Amalawi khumi ndi awiri, kukumbukira ufulu wa dziko lathu. Panali nsima, usipa umene mlongo wina anabwera nawo kuchokera kumudzi, nyimbo zakwathu ndi magule mpaka 2 koloko usiku. Patatha masabata awiri ndinalandira kalata yochokera kwa alandilodi. Akuti bambo wa fulati yapansi wadandaula, ndipo ndaphwanya ndime ya m'pangano la lendi yoletsa kusowetsa mtendere maneba. Ndinapsa mtima. Munthuyu bwanji osangobwera kudzandiuza? Koma mtima utatsika ndinaona kuti ndinali nditakhala pamwamba pake zaka ziwiri osamudziwa ngakhale dzina. Akanabwera kwa ndani?

Inu achimwene ku Ndirande mwina museka. Kwathu neba akakhala ndi chinkhoswe, tonse sitigona ndipo palibe amene amadandaula, chifukwa nafenso tadyako ndipo mawa chidzakhala chathu. Timapirirana chifukwa timadziwana. Kuno nyumba zambiri zimene timachita lendi ndi zakale, anangozigawa kukhala mafulati, pansi pake ndi matabwa. Ukaponda, wapansiyo amamva ngati ukusinja pamutu pake, ndipo iwe kwa iye ndiwe mlendo. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe.

Ndinapita masana, Lamlungu, nkugogoda. Ndinapeza kuti bamboyo amayendetsa basi ndipo amadzuka 4 koloko m'bandakucha. Usiku wa phwando lathu uja anapita kuntchito asanagone nkomwe, kukanyamula anthu. Ndinapepesa. Tinagwirizana kuti ndiyale kapeti pabalaza, ndichotse masipika pansi, ndipo kukakhala alendo ndizimuuziratu ndi kutseka nyimbo 11 koloko. Iyenso atamva kuti ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, anasiya kuboola zipupa m'mawa pamene ine ndikugona. Alandilodi sanalembenso.

Maganizo anga ndi akuti ambirife timalakwitsa paiwiri. Ena timangopirira miyezi, kuopa kuti tikadandaula tichotsedwa, mpaka tsiku lina tiphulike nkuyamba kumenya denga ndi tsache. Ena timathamangira ku khonsolo tisanalankhule ndi munthuyo, nkusandutsa neba mdani. Lamulo lilipo ndithu, koma likhale lomalizira.

Ndipo ndi bwino kudziwa pamene lamulolo limathera. Ku England, Noise Act ya 1996 imati usiku ndi kuyambira 11 koloko mpaka 7 koloko m'mawa. Pansi pa Environmental Protection Act ya 1990, khonsolo iyenera kufufuza dandaulo, ndipo ikapeza kuti phokosolo ndi lopitirira muyezo imapereka chikalata choletsa. Wochinyozera atha kulipitsidwa chindapusa, ngakhale kulandidwa zoimbira zake. Koma mapazi a munthu, kulira kwa khanda kapena madzi a m'bafa, musayembekezere zambiri. Mu 1999 khoti lalikulu la House of Lords, pa milandu ya alendi a makhonsolo a Southwark ndi Camden, linagamula kuti phokoso la moyo wa tsiku ndi tsiku si mlandu, ndipo mwini nyumba sakakamizidwa kuwonjezera zotchinga phokoso. Ndiye ife ogona masana, chimene chingatithandize kwambiri ndi kumvana ndi neba basi.

Kugogoda kukakanika, yambani kulemba. Sungani kabuku: tsiku, nthawi imene phokoso layamba ndi kutha, ndi mmene lakusokonezerani. Alandilodi muwalembere kalata kapena imelo, osangoimba foni, chifukwa kuno mawu apakamwa sapita patali. Kenako pitani ku khonsolo, kapena mukafunse uphungu waulere ku Citizens Advice ndi ku Shelter. Safunsa anadya phula. Kumbukiraninso kuti lamulo la nyumba la 1988 linkalola landilodi kuchotsa munthu osatchula chifukwa. Renters' Rights Act ya 2025 inabwera kudzathetsa zimenezo, koma kusowetsa mtendere maneba kudakali chifukwa chimene khoti limamva. Choncho kalata ngati yanga ija musaiponye m'bini, iyankheni.

Ndikudziwa wina anena kuti maneba ena ndi ankhanza, ena amangodana ndi khungu lathu. Nzoona. Munthu woledzera musamugogodere pakati pa usiku, ndipo akakuopsezani kapena kukutukwanani chifukwa cha mtundu wanu, imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Koma tisaweruze munthu tisanamuone nkhope. Ine ndinali nditagamula kale kuti bambo uja ndi watsankho, pamene anali munthu wofuna tulo ngati ine.

Chaka chino pa 6 Julayi tinachita lendi holo ya tchalitchi. Bambo uja tinamutengera mbale ya mandasi.

Mupereke moni kwa amayi ndi ana onse.

Ndine wanu,
Mbale wanu wa ku Leicester