Timavu sitipereka kangachepe

Ndiye akuti nkhalango zathu zipoperedwe mankhwala! Bwana wina wamimba yake, yemwe anadzacheza ndi ife Amalawi okhala kuno ku Mogoditshane, wanenetsa kuti kutuma tizilombo kukapha tizilombo tinzake m'mitengo ndi nthano zogonekera ana. Akuti chitukuko ndi mankhwala. Wogulitsa mankhwalawo ndi yemweyo, koma zimenezo musafunse.

Bwana, mudali kuti mu 1986? Nsabwe za m'mitengo zitalowa m'Malawi, mikungudza idayamba kufiira n'kumauma, osasiya ngakhale wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Ndani adabereka sipuleya kukwera Chambe kukapopera mtengo umodziumodzi? Thandizo lidabwera m'ma 1990, ndipo lidali kamavu kochokera ku Ulaya kotchedwa Pauesia juniperorum. Kameneka kamaikira dzira m'thupi la nsabwe, mphutsi n'kuidyera m'kati momwemo. Kodikodi atasakaza chinangwa ku Nkhata Bay m'ma 1980, adamugonjetsa ndi kamavu kena kochokera ku South America. Kuno ku Botswana, udzu wa salvinia wotseka madzi ku Okavango akuuchepetsa ndi tianankafumbwe toudya.

Ku America nako, nthenda ya fangasi yomwe idaoneka ku New York mu 1904 idapha mitengo ya chestnut yoposa 3 biliyoni, ndalama ndi mankhwala zilipo. Ku Italy mitengo yodwala idayamba kupola yokha chifukwa cha kachilombo kofooketsa fangasiyo, ndipo ku France adayamba kukapaka dala pa zilonda za mitengo.

Koma bwana akuti timavu tachilendo tidzatitembenukira. Kalanga ine! Munthu wofuna kuthira poizoni pa mapiri omwe timamwako madzi, kupha njuchi ndi mbalame zomwe, lero wagwidwa chifundo ndi chilengedwe! Akuopa kamavu kochepa ngati njere ya mawere, komwe akatswiri amayamba akayesa m'nyumba zotseka asanakamasule.

Tinene chilungamo. Mlandu wa timavu ndi umodzi: sitipereka kangachepe. Mukatimasula kamodzi timaswana tokha, popanda tenda, popanda alawansi, popanda msonkhano wa kunyanja. Mankhwala amagulidwa chaka ndi chaka, ndipo dramu iliyonse imakhala ndi mwini wake wodyerapo.

Lero bulugamu akudwala ndi tizilombo tochokera ku Australia, ndipo ku South Africa adamasula kale kamavu kolimbana nato mu 2012. Akatswiri tili nawo ku Zomba. Apatseni ndalama agwire ntchito, bwanayo akagulitse mankhwala ake a makoswe.