Timatchinga Misongolo, Nanga Mano?

Pamene tchuthi chikuyandikira ndaganiza zoti tikumbutsane nkhani imodzi imene sitiikamba kawirikawiri, chonsecho imakhudza aliyense wokonda masewero. Nkhani yake ndi ya mano. Mnyamata aliyense wa mu timu ya sukulu amadziwa kuti pa mpikisano weniweni saloledwa kulowa m'bwalo popanda zotchingira misongolo, pakuti malamulo a mpira anakhazikitsa zimenezi mu 1990. Koma kodi ndi angati mwa ife amene anaganizapo zotchinga mano? Msongolo ukasupuka umapola, ndipo ngakhale fupa litathyoka limalumikizana. Dzino la mnyamata wa zaka 15 likatayika, palibe lina limene lidzamere m'malo mwake mpaka kukalamba.

Ine kwathu ndi ku Salima, m'mbali mwa nyanja, ndipo kumeneko tchuthi ndiye nyengo ya mpira wa pamchenga. Ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu ndi m'madooko ena, dzuwa likangopendeka anyamata amazika timitengo tiwiri uku ndi uku, mpira nkuyamba. Chidwi chinakula kwambiri kuchokera mu 2022, pamene timu ya dziko lathu inakasewera nawo mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique. Mpira umenewu umaseweredwa ndi anthu asanu mbali iliyonse, popanda nsapato, ndipo ambiri amauyesa wopanda ngozi poti mchenga ndi wofewa. Inde mchenga ndi wofewa, koma chidendene cha mnzako si chofewa ayi. Popeza mpira sugubuduka bwino pamchenga, osewera amauyendetsa m'mwamba, ndipo luso limene aliyense amafuna kuonetsa ndi lomenya mpira chagada, miyendo ili m'malere. Pamenepo phazi, bondo ndi chigongono zimadutsa pafupi ndi kamwa ya munthu kangapo pa masewero amodzi. Onjezanipo kudumphira m'madzi osaya pamene pali miyala, kulimbirana nkhafi m'bwato, ndi mjaha wa njinga m'misewu ya mchenga.

Pofika zaka 13 ambiri a ife timakhala titamera mano 28 achikulire, ndipo anayi otsiriza a kumapeto amadza pambuyo pake kuti akwane 32. Amene amavulala kwambiri pa masewero ndi awiri akutsogolo a m'mwamba, omwe aja timalumira chimanga chootcha, timaonetsa poseka, ndiponso amatithandiza kutchula mawu bwino tikamawerenga pagulu. Mnyamata amene mano ake akutsogolo ndi otuluka, oti milomo siwaphimba bwino, ali pa ngozi yoposa anzake. Chimodzimodzinso anzathu owerengeka amene makolo awo anawaikitsa mawaya owongola mano ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mpira ukawamenya pakamwa, mawaya aja amang'amba mlomo cham'kati, timfundo take nkumatuka, ndipo ntchito ya miyezi yambiri imene yadya ndalama za banja imabwerera m'mbuyo tsiku limodzi.

Tsono tiyeni tiwerengere nthawi ndi mtunda. Pa muzu wa dzino pali timinofu tamoyo timene timalimangirira ku fupa la nsagwada. Dzino likaguluka nkukhala pouma, timinofu timeneti timayamba kufa, ndipo madokotala a mano amati pakatha mphindi 60 timakhala titafa pafupifupi tonse. Kuchokera ku Senga Bay kufika pa boma la Salima pali makilomita pafupifupi 20, ndipo kuchokera pa boma kufika ku Lilongwe pali pafupifupi 100. Aliyense amene anadikirirapo minibasi kuti idzaze pa Kamuzu Road akudziwa kuti ola limodzi silikwana. Komanso madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Mu 2019, pamene sukulu ya College of Medicine inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow, m'Malawi yense munalibe madokotala a mano okwana 50, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni. Izi zikutanthauza kuti amene angapulumutse dzino la mnyamata wa ku nyanja ndi anzake amene ali naye pamchenga pomwepo. Dokotala amangotsiriza ntchito imene iwo ayamba.

Chifukwa chake ndikufuna aliyense wa ife adziwe zoyenera kuchita, monga momwe timadziwira malamulo a penate. Dzino lachikulire likaguluka lonse ndi muzu womwe, lifuneni msanga ndipo muligwire kumutu kwake koyera, osakhudza muzu. Ngati lalowa mchenga, litsukuluzeni pang'ono chabe ndi mkaka kapena ndi malovu a mwini wake. Musalipale, musalikweche ndi sopo, ndipo musaliviike m'nyanja. Kenaka libwezereni m'dzenje lake moyang'ana bwino kutsogolo ndi kumbuyo, mwini wake alume kansalu koyera kuti lisasunthe, ndipo ulendo wa ku chipatala uyambe nthawi yomweyo. Ngati kulibwezera kwakanika, liikeni m'kapu ya mkaka. Mkaka ukasowa, monga umasowera m'madooko ambiri, wovulalayo alavulire malovu m'kabotolo ndipo dzino likhale m'menemo. Madzi wamba amaononga timinofu tija, koma choipa koposa ndi kulikulunga m'pepala nkuliika m'thumba. Ku chipatala amalimangirira ku mano oyandikana nalo kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amaona ngati pakufunika katemera wa kafumbata, ndipo pambuyo pake amakonza m'kati mwa muzu. Ngakhale kachibenthu ka dzino lothyoka kasungeni mu mkaka, pakuti nthawi zina kamamatidwanso. Koma dzino la ubwana la mng'ono wathu wa zaka zisanu sitilibwezera, chifukwa tingavulaze lachikulire limene likudza pansi pake. Ndipo ngati mnzathu wakomoka, tisaike kanthu m'kamwa mwake, koma tithamangire naye ku chipatala.

Komabe kupewa kumaposa kuchiza. Pali kachipangizo ka pulasitiki yofewa kamene kamavalidwa pa mano a m'mwamba, kamene ogulitsa amakatcha mouthguard. Anayamba kukagwiritsa ntchito ndi ankhonya a ku London zaka zoposa 100 zapitazo. Ku America sukulu za sekondale zinalamula mu 1962 kuti osewera mpira wa kumeneko azikavala, ndipo ku New Zealand, atalamula zomwezo pa masewero a rugby chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chiwerengero cha ovulala mano chinatsika kwambiri. Ntchito yake ndi kugawa mphamvu ya nkhonya kapena chigongono kuti isagwere pa dzino limodzi, ndi kulekanitsa mano ndi milomo. Kabwino koposa ndi kamene dokotala amaumba potengera kamwa ya munthu, koma kamadula. Kotsika mtengo ndi kamene umakaviika m'madzi otentha, nkukaluma kakafewa kuti katenge maonekedwe a mano ako. Amene ali ndi mawaya afunse dokotala amene anawaika, pakuti mano awo akusuntha mwezi ndi mwezi ndipo amafunika kamtundu kosiya mpata. Amene chowongolera mano chawo ndi chovula, achivule asanalowe m'bwalo.

Ndikudziwa zimene anzanga ena anganene. Ena adzati makolo akuvutika kale ndi fizi, sopo ndi ndalama yoyendera, nanga tiwasenzetsenso katundu wina? Funso limeneli ndi loona, ndipo sindikunena kuti mnyamata aliyense wothamangitsa chikulunga pamchenga agule kachipangizoka. Ndikunena za amene ngozi yawo ndi yaikulu: agoloboyi amene amagwera pa mapazi a anthu, otchinga kumbuyo amene amalimbirana mipira ya m'mwamba, osewera basiketibolo, a mano otuluka, ndi a mawaya. Banja limene lakwanitsa kugula nsapato za mpira likhoza kukwanitsanso ichi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa dzino loikirira pamodzi ndi maulendo a ku Lilongwe. Ena adzati kamalepheretsa kulankhula ndi kupuma. Masiku oyamba kamavutadi, monganso nsapato yatsopano, koma kokwana bwino munthu amakazolowera. Chifukwa chenicheni, tikanena zoona, ndi manyazi. Timaopa kusekedwa kuti tikudzionetsa ngati osewera a pa kanema. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene akuseka lero ndi omwewo adzakupatse dzina la magweru limene udzayenda nalo mpaka ku ukulu.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu. Kwa Bambo Rekita, abambo athu ansembe ndi aphunzitsi oyang'anira masewero, ndikupempha kuti kumayambiriro kwa chaka muzitiitanira wa zachipatala wodziwa za mano adzatiphunzitse zimene ndalembazi ndi manja ake, ndiponso kuti m'kabokosi ka mankhwala kopita ku bwalo muzikhala kabotolo koyera ndi paketi ya mkaka wosaonongeka msanga. Tithandizeninso kuitanitsa zotchinga mano pamodzi, pakuti ku Salima ndi m'maboma ena kholo silingadziwe kokagula. Kwa makolo athu, mwana akabwera madzulo atagwira pakamwa, musadikire kuti kuche, ndipo musafulumire kunena kuti kuli bwino angolizula. Dzino logwedera kapena losintha mtundu likufunika kuonedwa ngakhale litaleka kuwawa. Kwa ife anyamata, tileke kutukula zigongono polimbirana mpira, ndipo woyimbira asachite mantha kutulutsa wochita zimenezi ngakhale akhale mnzake wa m'kalasi. Tilekenso kutsegula mabotolo ndi kudula chingwe cha mbedza ndi mano, pakuti dzino limene lili ndi mng'alu kale silichedwa kuthyoka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tikapita ku tchuthi, aliyense aphunzitse anzake a pa dooko la kwawo zinthu zitatu izi: kugwira dzino kumutu, kulibwezera msanga kapena kulisunga mu mkaka, ndi kuthamangira ku chipatala. Ndikufunirani tchuthi chabwino, ndipo tidzaonane teremu ikudzayi tonse tili ndi mano athu.

Wophunzira wa Folomu 4, wa ku Salima