APUSI A KU STATE HOUSE NDI KUPIRIRA KWA MTSOGOLERI

Pa 24 June 2009 Pulezidenti wa dziko la Zambia, Bambo Rupiah Banda, anaitana olemba nyuzipepala ku State House mu Lusaka. Msonkhano unachitikira panja, patsinde pa mtengo. Ali mkati molankhula, pusi amene anali m'nthambi anawakodzera pa jekete. Iwo anayang'ana kumwamba nati, "Kanitundila," ndipo anthu onse anaseka. Eni akewo anasekanso, nanena kuti kapena limenelo linali dalitso. Posakhalitsa mbiriyo inamveka m'maiko ambiri.

Apusiwo sanali alendo pamalopo. Nyumbayi inamangidwira Bwanamkubwa wa Northern Rhodesia pa nthawi imene likulu la Boma linachoka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, ndipo yazingidwa ndi munda waukuru wa mitengo wokhala ndi mpanda. Kuthengo apusi amachepa chifukwa cha nyalugwe, nsato ndi ziombankhanga. Kumudzi amaopa agalu ndi ana olinda chimanga. M'kati mwa mpanda wa State House munalibe chowaopsa, ndipo chakudya sichinali kusowa. Kotero anaswana kufikira anakwana pafupifupi 200, nazolowera anthu, naleka kuwaopa.

M'chaka chomwecho Bambo Banda anapempha a ku Munda Wanga, malo osungirako nyama ndi mitengo ku Chilanga, kumwera kwa Lusaka, kuti achotse apusiwo. Pamene nkhaniyi inatuluka m'nyuzipepala, oposa 60 anali atagwidwa kale. Pa ichi Pulezidenti ayenera kuyamikidwa. Sanatume asilikari ndi mfuti, ngakhale mphamvu yotero anali nayo. Anaitana anthu odziwa nchito ya nyama, ndipo apusi anasamutsidwa amoyo.

Koma pa msonkhano womwe uja panalankhulidwa nkhani yina, imene kuseka kunaiphimba. Masiku amenewo anali obvuta kwa anthu a pa nchito. Mtengo wa kopa unali utagwa, mgodi wa ku Luanshya unali utatsekedwa miyezi ya m'mbuyomo, ndipo anamwino anali atanyanyala nchito chifukwa cha malipiro. M'kati mwa kunyanyalako mai wina anabereka panja pa chipatala chachikuru cha mu Lusaka, popanda womthandiza, ndipo mwanayo anamwalira. Zithunzi za tsokali zinafika ku nyuzipepala ya The Post. Mkonzi wa nkhani, Chansa Kabwela, sanazisindikize. Anazitumiza kwa wachiwiri kwa Pulezidenti, Bambo George Kunda, kwa nduna ya za umoyo ndi kwa mabungwe a amai, pofuna kuti akuru aone chimene kunyanyalako kunali kuchita kwa anthu wamba.

Pulezidenti yemweyo amene anaseka pusi anakwiya ndi zithunzizo. Anazitcha zolaula, nauza apolisi kuti achitepo kanthu. Mu July mkonziyo anamangidwa, ndipo mlandu wake unayenda miyezi ingapo, kufikira mu November 2009 pamene bwalo la milandu linapeza kuti analibe mlandu woti ayankhe.

Tsono zinthu ziwirizi ziyenera kuikidwa pamodzi. Pusi anachititsa manyazi mtsogoleri pamaso pa dziko lonse, ndipo sanabweretse phindu liri lonse. Komabe anamlekerera, nampezera malo ena okhala. Mkonzi anatumiza zithunzi zowawa kwa akuru okhaokha, pa nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo analandira apolisi pakhomo. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati kupirira kunalipo kokwanira nyama ya mumtengo, kunayenera kukwaniranso munthu amene anadza ndi chenjezo.

Ena adzanena kuti zithunzi za mai wobereka nzosayenera kuonedwa ndi amuna monga mwa mwambo, ndipo mau amenewa ali ndi kulemera kwake. Koma mwambo womwewo sulola kuti mai abereke pabwalo popanda azamba. Chonyansa chenicheni chinachitika kunja kwa chipatala, ndipo chithunzi chinangochitira umboni.

Bambo Banda anagonja pa chisankho cha mu 2011, napereka mpando kwa Bambo Michael Sata mwamtendere, chinthu chimene dziko la Zambia linawalemekeza nacho kufikira imfa yao mu 2022. Mbiri yao siiyenera kuyesedwa ndi tsiku limodzi. Koma phunziro la tsikulo likhalabe kwa onse okhala m'nyumba za Boma. Bvuto la pabwalo la mtsogoleri limatha msanga, pakuti mau amodzi akwanira kuitana magalimoto ndi misampha. Bvuto la munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi, amene mkazi wake aima pa mzere wa kuchipatala, lilibe womthamangira, ndipo limafika kwa akuru pokhapokha wina atalimba mtima kulinena. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mtsogoleri wotsekera wonenayo m'ndende amatseka khomo limene madandaulo a anthu ake akadalowerapo.